Kulondola Moyo wa Kholo: Mau a Cibale, Maina ndi Zaka m'Mbiri ya Mabanja a Kum'mawa kwa Zambia

Mau oyamba

Mphunzitsi wa Cinyanja akauza ophunzira kuti alembe mzere wa makolo ao, kawirikawiri amawapatsa cithunzi cotengedwa m'mabuku a ku Ulaya: atate pamwamba, amai pambali, ana kunsi, onse a dzina limodzi. Mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza akapita naco cithunzico kumudzi, amabwerako ndi maina osakwana m'mabokosi. Amai alipo atatu, atate anai, ndipo munthu amene akulu amuchula koyamba ndi amalume, amene alibe malo pacithunzipo. Bvuto lomweli limagwera wofufuza wamkulu amene afuna kudziwa kumene kholo lake linabadwira, cimene linasamukira, ndi zimene zinali kucitika m'dziko pa masiku ake.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mzere wa makolo monga momwe akulu amaufotokozera si kaundula wa kubadwa kwa anthu. Ndi dongosolo la malo ndi maudindo: ndani ali mwini wa ndani, ndani analowa m'malo mwa ndani. Wofuna kuika kholo lake m'zaka zake zenizeni ayenera kuyamba wamvetsa mau amene mzerewo wanenedwamo, asanathamangire ku mapepala a boma. Zitsanzo zathu tazitenga pakati pa Acewa ndi Angoni a Mpezeni, pa makolo amene anakhalako kuyambira ca m'ma 1870 kufikira nthawi ya ufulu mu 1964.

Mbumba kwa amai, ciwongo kwa atate

Mcewa ndi wa kwa amai ake. Akulu akamalongosola za mtundu wao amayambira pa mkazi mmodzi amene ali tsinde, ndipo ana ake aakazi ndiwo amabala mabere: bere lalikulu, lotsatira, kufikira laling'ono. Mwamuna amasunga mbumba, ndiye kuti alongo ake ndi ana ao, ndipo ndiye nkhoswe yao pa ukwati ndi pa mlandu. Atate ndi mkamwini, munthu wobwera. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Acewa a boma la Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940 ndi kuciyambi kwa m'ma 1950, analongosola bwino dongosolo limeneli m'buku lake la mu 1965. Zotsatira zake kwa wolondola mbiri ndi zoonekeratu: kucikazi akulu angathe kukumbukira mibadwo isanu kapena kuposa, pamene kucimuna maina amatha msanga, nthawi zina pa agogo pomwe. Amangoti, "Anali munthu wa ku Lundazi," basi.

Komabe ciwongo, cimene ena amati mfunda, m'madera ambiri masiku ano cimatengedwa kwa atate. Akatswiri ambiri amati kale cinali kutsata amai, ndipo kuti kusinthaku kunakula ndi kubwera kwa Angoni, kenaka sukulu ndi boma zinakukhazikitsa pofuna kuti mwana aliyense akhale ndi dzina laciwiri. Motero munthu amene alembedwa kuti Banda angakhale wa mbumba ya Aphiri. Citsanzo codziwika ndi ca Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi, Mcewa wa ku Kasungu. Atate ake anali a Banda, amai ake a Phiri, ndipo pamene anacoka kwao ali mnyamata anakapeza amalume ake, Hanock Msokera Phiri, ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, napita nao limodzi ku South Africa. Wotsata dzina la Banda lokha sangamvetse ulendo umenewu. Njira ya mnyamatayo inatsata mbumba. Ndi mmenenso zinalili ndi anyamata ambiri a kuno amene anapita ku migodi: funso lothandiza si lakuti atate ao anali kuti, koma lakuti amalume kapena akulu ao anali atatsogola kuti.

Cina coyenera kukumbukira ndi cakuti maina monga Banda, Phiri, Mbewe, Mwale kapena Tembo ndi a anthu zikwi zambiri m'maiko atatu. Kupeza "Phiri" m'buku la ubatizo sikupeza wacibale.

Mau a cibale sawerenga mibadwo

Pano ndipo pamene mphunzitsi wa cilankhulo ali ndi zambiri zothandiza nazo wolemba mbiri. Liu lakuti amai limanenedwa kwa wokubala ndi kwa abale ake onse aakazi. "Amai aakulu" ndi "amai aang'ono" amangosiyanitsa msinkhu. Atate ndi cimodzimodzi. Mwana wa amai aang'ono ndi mbale wako weniweni, mkulu wako kapena mphwako kapena mlongo wako, pamene mwana wa amalume ndi msuweni, amene mungaseke naye ngakhale kukwatirana naye. Wofufuza amene atembenuza mau awa m'Cingelezi pamene alemba m'kabuku kake amataya kusiyana kumene kunali m'Cinyanja, nalowetsamo kusiyana kwina kumene wolankhulayo sananene. Langizo lathu ndi lakuti mau alembedwe monga momwe anenedwera, kenaka pafunsidwe funso limodzi losabvuta: "Kodi anabadwa m'mimba imodzi?" Funso lakuti "Kodi anali mbale wao weniweni?" silithandiza, pakuti yankho lidzakhala inde nthawi zonse, ndipo yankholo ndi loona.

Liu lakuti mdzukulu nalonso limasoceretsa. Limanena mwana wa mwana wako, limanenanso mwana wa mdzukuluyo ndi onse otsatira, ndiponso pa maliro adzukulu ndi anthu okumba manda ndi kuika mtembo, amene angakhale osakhudzana ndi womwalirayo pa magazi. Nkhalamba ikati, "Awo ndi adzukulu athu," pafunika kudziwa kuti ikunena citi.

Cacikulu koposa ndi kulowa dzina. Nyakwawa kapena mfumu ikamwalira, wolowa m'malo amatenga dzina, mpando ndi ubale womwe. Amene anali kuitana womwalirayo kuti amalume amapitiriza kuitana wolowayo comweco, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwo. Mafumu awiri amene oyamba ao anali munthu ndi mphwake amakhalabe "mkulu ndi mphwake" patapita zaka mazana awiri. Audrey Richards anafotokoza za kulowa malo kotere pakati pa Abemba, ndipo Ian Cunnison analemba za ubale wosatha wa maina a maufumu ku Luapula. Zonsezi zimapezeka pakati pa Acewa. Wolowa dzina angathe kunena kuti, "Ine ndinabwera kuno kucokera kwa Undi," pamene akusimba ulendo wa munthu amene anamwalira agogo ake asanabadwe. Sakunama ai. Akulankhula ndi dzina limene analowa.

António Gamitto, amene anadutsa m'dziko lino pa ulendo wopita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, anachula Undi ndi Mkanda m'buku lake. Izi zitiuza kuti maina awiriwo analipo pa nthawiyo, koma sizitiuza kuti Mkanda amene banja lina limkumbukira ndi yemweyo. Ngakhale pakati pa Angoni, amene ufumu umatsata atate, bvutoli silicoka. Kuyambira pa Ntutu, mwana wa Zwangendaba amene anamwalira mu 1900, kufikira pa mfumu imene inalongedwa mu 1982, anthu anai anachedwa Mpezeni. Mau akuti "anabadwa nthawi ya Mpezeni" paokha alibe caka.

Pa ufumu wa Acewa pali msampha wina. Dzina lingathe kuyenda pakati pa abale a bere limodzi lisanatsikire kwa ana a alongo ao, kotero kuti mafumu atatu otsatizana angakhale a mbadwo umodzi. Amene amawerenga maina a mafumu nacurukitsa ndi zaka za mbadwo umodzi amakankhira ciyambi ca mudzi kale kwambiri kuposa mmene ziliri. Kwinanso zimacitika mosiyana: maina a pakati amaiwalika, woyamba ndi waposacedwa nkukhala ngati munthu ndi mdzukulu wake. David Henige anacenjeza za zonse ziwirizi m'buku lake la mu 1974 lonena za kawerengedwe ka zaka m'mbiri yapakamwa.

Munthu mmodzi, maina asanu

Mwamuna wobadwa ca m'ma 1890 anali ndi dzina la ubwana, limene linasiyidwa pamene analowa ku dambwe. Kumuitana nalo pambuyo pake kunali cipongwe. Atapita ku nchito ku mapulazi a fodya a pafupi ndi Fort Jameson, ku Salisbury kapena ku mgodi wa malasha ku Wankie, analembetsa dzina lina, nthawi zambiri la cinthu ca Azungu monga Supuni, Foloko kapena Sikisipensi, ndipo ena anali kusintha dala dzina pothawa nchito ya cibalo kapena msonkho. Pobatizidwa analandira la m'Baibulo. Kumudzi anali kuchedwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo ngati analowa unyakwawa maina onsewo anakwiririka. Mkazi ndiye amasowa msanga koposa: adzukulu amangomdziwa kuti Naphiri kapena Nabanda, kapena amake uje.

Wofufuza asonkhanitse maina onse asanapite ku nyumba yosungiramo zolembedwa zakale, ndipo afunse anthu osiyana, cifukwa dzina la ubwana amalidziwa ndi alongo ndi asuweni, la ku nchito amalidziwa anzake a paulendo kapena ana ao. Akumbukirenso kuti kalembedwe kanali kosiyanasiyana. Mtundu umodzi womwewo unalembedwa Cewa, Chewa, Achewa, ndipo kwa Apwitikizi Chevas. M'makalata a Angelezi Mpezeni ndi Mpeseni, ndipo mwana wake Nsingo ndi Singu. Ngati maina a mafumu anapotozedwa motero, nanga la munthu wamba lolembedwa ndi kalaliki wocokera ku Nyasaland kapena ku Ulozi?

Maina ena ali ndi mbiri m'kati mwao. Nkhondo, Njala, Maliro, Masiye, Mabvuto ndi Misozi amaloza cimene cinagwa pamene mwanayo anali kubadwa. Koma tisafulumire. Njala ya m'dzina ingakhale ya mudzi umodzi wokha, ndipo mwana angapatsidwe dzina la agogo ake lokumbutsa tsoka la mbadwo wina.

Kupeza caka

Akulu sanali kuwerenga zaka ndi manambala, ndipo lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense m'Zambia linabwera mu 1973. Zaka zobadwa zimene zinalembedwa pa ziphaso za dziko za anthu akale, kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960, zambiri zinali zongoyerekeza poyang'ana nkhope. Ngakhale za Kamuzu Banda, boma lake linali kunena kuti anabadwa mu 1906, pamene Philip Short, amene analemba za moyo wake mu 1974, ndi ena ambiri amaika kubadwa kwake ca mu 1898.

Njira yodalirika ndiyo kumangirira moyo wa kholo ku zocitika zimene caka cake cidziwika kucokera kwina. Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mwai pa zimenezi. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo akatswiri a zakuthambo amatsimikiza kuti kadamsana ameneyo anacitika mu Novembala 1835. Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi asilikali a Angelezi inamenyedwa mu Januwale 1898, ndipo Nsingo anaomberedwa mwezi wotsatira. Amishoni a Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903. Msonkho wa nyumba unayamba kukhomedwa kuciyambi kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900. Nyenyezi ya mcira inaoneka mu 1910. Wansembe Leonard Kamungu, Mcewa wa kunyanja amene anayambitsa nchito ya mpingo wa Anglican pa Msoro, anamwalira mu 1913. Matenda a fuluwenza anapha anthu ambiri kumapeto kwa 1918, dzombe linasakaza minda m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1947 anthu ambiri anakhamukira kwa Bwanali ndi Mpulumutsi kukatsukidwa ku ufiti.

Kungochula cocitika sikukwanira. Cofunika ndi msinkhu wa kholo pa nthawiyo. Kodi pa nkhondo ya Nsingo anali wa kumsana, kapena anathawa ndi miyendo yake? Pa fuluwenza anali atabvinidwa kale? Anali ndi ana angati? Pamene dzombe linagwa anali atayamba kukhoma msonkho? Tiyerekeze mai amene akuti anabadwira kuphiri anthu akuthawa nkhondo ya Azungu, ndipo mwana wake woyamba anamwalira ndi fuluwenza ali wakhanda. Mfundo ziwirizi zigwirizana: wobadwa mu 1898 anali ndi zaka 20 mu 1918. Koma akati pa fuluwenza anali ndi adzukulu kale, ndiye kuti nkhondo imene anabadwiramo ndi ina, mwina ya Angoni pamene anali kugonjetsa Acewa a Mkanda, kapena nkhani za anthu awiri a dzina limodzi zasakanizika. Mfundo imodzi yokha siimika caka. Ziwiri kapena zitatu zikamvana, tingakhulupirire.

Mau akuti "nkhondo ya Jeremani" afuna kusamala kwapadera. Kwa ena ndi ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna ambiri anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali monga amtengatenga. Kwa ena ndi ya 1939 mpaka 1945, pamene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anafika ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Burma. Funsani kuti kholo linapita pansi kapena pa sitima ya pamadzi, ndipo linabwerako ndi ciani.

Mapepala ndi zimene amaona

Ku National Archives of Zambia mu Lusaka kuli mabuku a maboma amene abwanamkubwa anali kulembamo mizere ya mafumu, maina a midzi ndi zocitika za caka ndi caka, pamodzi ndi malipoti a maulendo ao oyendera midzi. Mipingo ili ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati, ndipo ku Ndola kunasungidwa zolembedwa za makampani a migodi. Zonsezi ndi cuma, koma zinalembedwa ndi colinga cina. Boma linali kufuna mwamuna wokhoma msonkho ndi mudzi umene akhomeramo. Akazi, amene ndiwo msana wa mzere wa Acewa, amaoneka monga ciwerengero cabe kapena monga "mkazi wa uje". Ndiye kuti mapepala amaona bwino mbali imene pakamwa pamaiwala, ndipo saona mbali imene pakamwa pamasunga. Mkamwini amene mbumba ya mkazi wake yamuiwala angapezeke m'kaundula, koma pansi pa mudzi wa kwao kumene anali kulembedwa, osati kumene anakhala moyo wake wonse.

M'buku la ubatizo, tsiku lolembedwa ndi la ubatizo. Akristu oyamba anali kubatizidwa ali akulu, atakhala zaka zingapo m'kalasi, kotero bukulo litiuza kumene munthu anali m'caka cakuticakuti, osati pamene anabadwa.

Midzi nayo inali kuyenda, dzina nkupita nayo. Dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson linali m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, ndipo pamene malo opatulidwira anthu akuda anakhazikitsidwa mu 1928, midzi yambiri inasamutsidwa nkupanikizidwa pamodzi. Boma litagula dziko la kampaniyo mu 1941, midzi ina inasamutsidwanso kupita ku malo atsopano. Mudzi umene uli pa mapu a lero ungakhale kutali ndi pamene kholo linabadwira. Funsani za mtsinje umene anali kutungako madzi, phiri limene linali pafupi, ndipo makamaka za manda, pakuti manda sasamuka. Ndipo popeza pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Undi pakati, bwinja lofunidwalo lingakhale m'Mozambique. Undi mwini anaolokera kuno kucokera kumeneko m'zaka za m'ma 1930.

Zimene mabanja sanena

J. A. Barnes, m'buku lake la mu 1954 lonena za Angoni a Mpezeni, anaonetsa kuti ufumuwo unakula mwa kumeza anthu ogwidwa pa nkhondo. Ogwidwawo anali kugawidwa m'nyumba za akulu, ana ao nkukula monga Angoni, ena nkukwera kukhala nduna. Cilankhulo ceniceni ndi mboni: Angoni a ku Chipata anasiya cilankhulo ca makolo a kumwera nayamba kulankhula cofanana ndi Cinsenga, cifukwa amai amene anawalera ambiri anali Ansenga. Banja limene limati linaoloka Zambezi ndi Zwangendaba lingapeze kuti kholo lake linagwidwa ku Petauke patapita zaka makumi atatu. Pakati pa Acewa namonso munali akapolo, ogulidwa kapena operekedwa pa mlandu. Mkazi wotere analibe nkhoswe, motero ana ake anali kuwerengedwa kwa mwini nyumba, ndipo pakupita kwa nthawi anasanduka ngati bere laling'ono la mbumbayo.

Zizindikiro zake zimaoneka m'kalankhulidwe. Mzere umaduka mwadzidzidzi pa mkazi amene alibe mlongo, alibe kwao, amene "anangobwera" kapena "anatoledwa pa njala". Wosimba amatsitsa mau, kapena amati, "Zimenezo akadziwa ndi amalume anu." Nkhani izi sizinafe. Zimadzuka pamene mudzi ukusankha wolowa unyakwawa, pamene mabere akulimbirana dimba kapena munda, ndipo liu limodzi lolembedwa m'lipoti la wophunzira lingakafike pa bwalo la mfumu. Lamulo la mu 1989 logawa cuma ca womwalira wosasiya wilo linapatsa ana theka la cumaco, koma silikhudza malo a mwambo kapena za ufumu. Kumeneko mzere wa amai ukali ndi mphamvu, ndipo aliyense wousimba amadziwa cimene angapindule kapena kutaya.

Cifukwa ca ici, mzere womwewo ufunsidwe kwa anthu a mabere osiyana, aliyense payekha, ndipo palembedwe amene ananena, tsiku, ndi amene analipo pomvetsera. Pamene maumboni asemphana, onse asungidwe monga momwe aliri m'malo mosankhapo umodzi wokoma. Mphunzitsi amene atuma ophunzira kumudzi awauziretu kuti nkhalamba ikakana kupitiriza asaikakamize, ndiponso kuti zimene auzidwa m'nyumba sizonse zoyenera kuwerengedwa pamaso pa kalasi, momwe mungakhale ana a bere linalo.